Nkhondo ya Get ndi Kumangidwa kwa Apongozi

Tcherani khutu, inu a m'chigwa cha Luangwa, kuyambira ku Nsefu kufikira ku Msoro, mumve za chaka cha 1993, pamene chilala chinali chitangochoka koma nkhokwe zikadali yasa kukamwa, pamene njovu zinkadya mapira a Akhristu osapempherera n'komwe. Ndipo Ambuye wachifundo atikhululukire ngati tiseka.

M'masiku amenewo kunali Abson, Mkamwini Wofatsa, Wokwera Njinga Yopanda Mabuleki, amene thonje lake linapserera m'munda. M'nyumba mwake munali mkazi wake Delia ndi khanda lawo Esnati, koma chimanga munalibe. Chiyembekezo chake chinali chimodzi: ntchito ya usikauti, yolondera nyama ku Lupande. Malo anali amodzi, owafuna khumi ndi anayi, ndipo mbiri inamveka yakuti bwana wa za nyama adzayesa anthu m'Chingerezi, chinenero chimene Abson anasiyana nacho mwamtendere ali giredi faivi.

Pamenepo anadzuka a Adamson, amalume ake, Mkango wa M'khitchini, Mgonjetsi wa Mazira Okazinga, amene anaphikira azungu odzaona nyama pa kampu ina zaka zambiri, nakweza chikombe m'mwamba, nati:

"Mphwanga, usaope. Chingerezi chonse ndi liwu limodzi, ena onsewo ndi maluwa. M'mawa mzungu amachita get up. Akafuna tiyi, get tea. Galimoto ikafika, get in. Mkango ukafika, get in msanga. Akakwiya, get angry. Akakonda, get married. Udzudzu ukamuluma, get malaria. Akachira, get better. Zaka twente ndaphika ndi liwu limeneli, ndipo palibe anafa."

Koma mawuwa anagwera m'makutu a mayi Tabeth, apongozi ake a Abson, Linga la Amayi a Mpingo, Osita Nsalu za Paguwa Popanda Khwinya, amene Chingerezi chawo anachitunga ku mishoni, chovala nsapato ndi masokosi.

"Asewere," anatero, mawu awo akunjenjemeretsa mitsuko, "mdzukulu wanga sadzaleredwa ndi liwu la anthu aulesi. Munthu wolemekezeka amati receive, amati arrive, amati obtain. Get wanuyo mukaphikire mazira."

"Asewere, obtain wanuyo anadyetsapo ndani?"

Nkhondo inayamba motero. Koma gulu la mayi Tabeth linali ndi vuto lalikulu, pakuti mwa mwambo mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso, ndipo salankhulana nawo. Choncho iwo ankakhala pamphasa, Abson atagwada mapazi atatu kuchokera pamenepo atawapatsa msana, ndipo maphunziro ankadzera mwa Delia ngati katundu wowoloka pabwato.

"Delia, uwauze bambo a Esnati anene kuti obtain."

"Akuti obtain."

"Uwauze amayi kuti obuteni."

"Akuti obuteni."

"Ndamva ndekha! Uwauze kuti si dzina la mankhwala a thonje."

Masabata atatu Abson anazunzika pakati pa magulu awiriwa: m'mawa get, masana receive, ndipo ankapemphera kuti Ambuye amupatse mutu wachiwiri kapena amuchotsere mphunzitsi mmodzi, koma osamupweteka.

Tsiku loopsa linafika. Naini koloko, pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo la sukulu, bwana wa za nyama anakhala pampando, mudzi wonse utazungulira. Anthu khumi ndi atatu anayesedwa napepuka. Ndipo anaitana Abson.

"Sikauti wa m'mudzi," anatero bwanayo, "amamanga anthu a kwawo komwe. Tiyerekeze kuti wapeza munthu akutchera nyama msampha wa waya. Mmange m'Chingerezi, tione." Anatambasula chala, chalacho chinayendayenda pakhamu ngati kabawi, kenaka chinatera pa mayi Tabeth. "Wotcherayo akhale mayi uyo."

Mayi Tabeth anatuluka pang'onopang'ono, naima pakati ngati chulu. Abson anaona mbali iyi mwambo wa makolo, mbali iyo Esnati kumsana kwa mayi wake akuyamwa chala. Anatembenuka, napatsa apongozi msana, nagwada, naomba m'manja katatu. Anafunafuna receive, receive anali atathawa. Anaitana obtain, obtain sanavomere. Ndipo atayang'ana thunthu la mango, misozi ili chuchuchu, Mkamwini Wofatsa anabangula:

"Get down!"

Mayi Tabeth anayang'ana kumwamba, anayang'ana mdzukulu wawo, anakonza duku. Ndipo Linga la Amayi a Mpingo linatsika pang'onopang'ono, bondo ili, bondo ilo, mpaka linagona chafufumimba m'fumbi.

"Get wapambana!" anafuula a Adamson, akuvina ndi mwendo umodzi.

"Kumanga munthu utamupatsa msana sindinakuonepo," anatero bwana, "koma wagona. Tsopano mudzutse. Akadzuka, ntchito ndi yako."

"Get up!" analirira Abson thunthu lija.

Palibe chinagwedezeka.

"Get up, chonde!"

"Delia," mawu anatuluka m'fumbi, "uwauze bambo a Esnati kuti liwu limenelo ndalimvera kamodzi chifukwa cha mwana. Kawiri ayi. Ndidzuka pokhapokha asewere anga avule chipewa, agwade, anene ndi pakamwa pawo kuti arise."

"Ine?" anatero a Adamson. "Ndife kaye!"

"Amalume," ananong'ona Abson, "bwana akuyang'ana wotchi."

Mkango wa M'khitchini unausa moyo umene unamveka mpaka kumtsinje wa Lupande. Unavula chipewa, unagwada, mawondo akulira ngati chitseko cha tchalitchi, nunena monga munthu womeza kwinini: "Arise, asewere."

Mayi Tabeth anatsamira manja pansi mwaulemerero, nakankha. Anakankhanso. Koma thupi limene linatsika mwa chikondi linakana kukwera mwa mphamvu. Pamenepo, motsitsa mawu, koma osati motsitsa kokwanira, anati:

"Asewere, get me."

A Adamson anayesa, koma nawonso mawondo anali atawakanira. Ndipo ankhondo awiriwo anagwirana manja m'fumbi, wina kukoka mnzake, mpaka amayi anayi a mpingo anawazula onse pamodzi ngati chinangwa. Bwana anati kuima ndi kuima basi, nalemba dzina la Abson, amene anamva za kupambana kwake akadayang'ana mtengo.

Pangano la mtendere linamangidwa masana omwewo: get alamulire kuyambira Lolemba kufikira Loweruka, arise atenge Lamulungu ndi masiku a maliro. Ankhondo awiriwo anakwezedwa pangolo ya ng'ombe, kwaya ikuimba nyimbo zachiyamiko patsogolo, ndipo anazungulira mjigo katatu. Koma mwambo sunaiwale: pa mlandu wokalipira apongozi pagulu, sikauti watsopano analipitsidwa tambala, amene a Adamson anamuphika ndipo mayi Tabeth anamupempherera kwa nthawi yaitali.

Tambalayo, amene sanadziwe Chingerezi cha mtundu uliwonse, ndiye yekha amene anafa pa nkhondo imeneyi. Abale, tizimukumbukira.