Mazira Otentha a Giledi Wani

Nkhani iyi akazi anga, Abiti Saidi, amaikonda pakabwera alendo. Bola ndidziyalutse ndekha asanaithire mchere.

Nthawi ya chipani chimodzi ija ndinali telala pa Balaka. Nkhuku zinali za akazi anga, ine ndinkazidziwira m'mbale mokha.

Tsiku lina alangizi a zaulimi analengeza kuti adzayeza mazira pamsika. Wopeza giledi wani azikagulitsa ku resitihausi ya ku Liwonde. Anati ndi za ofuna okha, palibe kukakamiza. Koma masiku amenewo ngakhale khadi la chipani ankati n'losakakamiza, ndiye ndinakonzeka msanga.

Abiti Saidi anali ku ukwati ku Nayuchi. Ndinati akadzabwera adzapeze ndawapezera msika, asiye kunena kuti ndimangodziwa singano.

Alangizi anali atanena kuti dzira labwino ndi lafuleshi. Ine fuleshi ndinkaidziwira pa mandasi: kutentha. M'khola ndinapeza thadzi litakhalira mazira ofunda bwino. Linandijompha, ine ndinalikankha. Mazirawo ndinawakulunga m'zigamba kuti asazizire, ulendo panjinga.

Pamsika ndinadutsa Che Amadu, mnansi wathu wamatama, n'kuima kutsogolo.

"Gwirani, bwana. Akadali otentha."

Alangizi anaunika dzira limodzi ndi tochi. Kenako anandiyang'ana.

"Che Jafali, aikiridwa liti amenewa?"

"Lero lomwe. Nkhuku ndaichotsapo ndekha."

Analiika kukhutu.

"Dzira lanuli likulankhula."

"Iyayi bwana, ndi mtundu wachizungu umenewo."

Ndisanatseke pakamwa, chikamba chinang'aluka, kamlomo n'kutuluka. Psii! Psii!

Amayi ogulitsa tomato anagwa nako kuseka. Che Amadu anati, "Bwana alangizi, awa asokera. Mzere wa nkhuku ndi uko!"

Manyazi anandigwira mpaka ndinaiwala njinga pamsika. Resitihausi inapita kwa Che Amadu.

Abiti Saidi atabwera anapeza thadzi lawo likufungatira chisa chopanda kanthu. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa kwambiri. Anangolera kamwanapiye kamodzi komwe kanapulumuka, nakatcha Giledi Wani.

Kanakula n'kukhala tambala, wolira pawindo langa m'mawa uliwonse ngati akundiseka. Ndinanola mpeni kangapo konse. Koma tambalayo anali wakuda bii ngati wa chipani uja, ndipo masiku amenewo ndani akanayerekeza kuzinga tambala wakuda anthu akuona?

Anafa ndi ukalamba, atandinyoza mokwanira.

Abale anga, dzira lotentha lili ndi mwini wake.