Kalata ya Zakeyu Yomata ndi Phula

Ndisanayambe, ndilumbire kaye. Pali mayi anga amene anagona patsinde pa muwanga uja, zonse zimene ndilembe pano n'zoona, kuyambira chilembo choyamba mpaka kadontho kothera. Ndikanama, mphenzi indipeze mu Julaye kumwamba kulibe mtambo. Inu ana a masiku ano, amene mumatuma mawu ndi chala chimodzi pafoni, mwambi wa phula uja mumangoutchula, osadziwa kuti phulalo linadyedwa pati, ndipo anadya ndani. Ine ndinalipo. Ndinali pakhonde.

Mwambi uwu unayamba motere.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma dzanja langa linali lokongola. Motero ndinkakhala ndi kathebulo pakhonde la positi ofesi ya kwathu kumapiri, n'kumalembera makalata anthu osatha kulemba. Munthu mmodzi yekha sanakhalepo pabenchi langa. Dzina lake Zakeyu Chimbalanga, mlimi wa njuchi, wa ming'oma makumi atatu m'mphepete mwa nkhalango. Anali munthu waukhondo, wosamwa, wosaba. Matenda ake anali amodzi basi: sankafunsa.

Tsiku lina anakwera basi ya ku Salima akuganiza kuti ndi ya ku Kasungu. Anazindikira pasanapite nthawi, koma m'malo mofunsa anangokhala duu mpaka kukafika. Anagula usipa, n'kubwerera, n'kutiuza kuti ulendo wake unali womwewo. Kuyambira pamenepo anthu anamupatsa dzina lakuti Safunsa.

Musamuseke msanga. Mlongo wake anandiuzapo chiyambi chake. Akuti ali mu Sitandade 2 anaimika dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi dzuwa likalowa limakagona kuti?" Kalasi yonse inafa ndi phwete, aphunzitsi omwe. Zakeyu anatsitsa dzanja lija, ndipo sanalikwezenso. Mwana akasekedwa kamodzi, chilonda chake chimakula naye limodzi.

Tsono chaka china pa Khirisimasi kunabwera mkazi wina kudzacheza kwa azakhali ake. Dzina lake Mwatitha, telala wa pa esiteti ya tiyi ku Mulanje. Anapita kwa Zakeyu kukagula uchi wa chifuwa cha azakhaliwo. Anagula botolo limodzi, mawa lake lina, mkuja lina. Azakhali anachira kalekale, koma uchi unkagulidwabe. Tsiku lobwerera, ali pasiteji ya basi, Mwatitha anamuuza mosabisa mawu.

"A Chimbalanga, ine si mwana. Ngati zimene mwanenazi n'zochokera mumtima, lembani kalata, munene tsiku limene ankhoswe anu adzafike kwathu. Ndidikira mpaka Juni athe. Kuli kapitawo wina kumeneko amene sakundipatsa mpata wopuma."

"Kalata yokha?" anatero Zakeyu. "Chinthu chaching'ono chimenecho."

Masitampa anali nawo kale. Zaka zam'mbuyo, mng'ono wake ali ku migodi, Zakeyu anagula chipepala chathunthu cha masitampa okhala ndi chithunzi cha nsomba. Mng'ono wakeyo anabwerako, masitampa n'kutsala m'kachitini, ouma bwino. Chimene sankadziwa n'chakuti pa Nyuwere mtengo wotumizira kalata unakwera. Sitampa ya nsomba payokha inali itachepa. Pankafunika kuwonjezera kena kakang'ono ka matambala awiri, kokhala ndi mbalame. Chidziwitso anachikhoma pakhomo penipeni pa positi, zilembo zazikulu ngati zikho.

Lamulo la nthawi imeneyo linali lotere. Kalata yoperewera sitampa inkayendabe ndithu. Koma ikafika, wolandirayo ankaitanidwa kuti adzalipire choperewera chija kawiri. Akakana, kalata inkabwerera kwa mwini wake, itadindidwa chidindo chofiirira.

Zakeyu analemba yekha masamba anayi. Anabwera nayo atavala jekete, n'kudutsa chidziwitso chija maso ali kutsogolo ngati msilikali. Mkulu wa positi, bambo Mtambalika, munthu wadazi wa magalasi omanga ndi ulusi, anamuona pawindo.

"A Chimbalanga, talowani kaye ndione kalatayo."

"Muione chifukwa chiyani? Si yanu."

"Ayi, ndimangofuna ndikuuzeni kuti..."

"Ndikudziwa kale, bambo. Ndinayamba kutumiza makalata inu muli ndi tsitsi."

Anaiponya m'bokosi, phwa! A Mtambalika anasisita dazi lawo n'kubwerera pampando.

Patapita masabata atatu kalata inabwerera, chidindo chofiirira chili pamphuno pa nsomba ija. Pachidindopo panali mawu a Chingerezi. Ine ndinkawadziwa. A Mtambalika ankawadziwa. Ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa pakhonde paja ankawadziwa, poti yake inali itabwererapo. Zakeyu anaitembenuza uku ndi uku, n'kuiyeza m'dzanja.

"Ehe, ndaona vuto," anatero. "Mawu achuluka. Kalata yalemera."

"Achimwene," ndinatero ine, "bwanji osalowa mkatimo..."

"Iwe lemba za anthu ako. Za ine zisiye."

Anapita kwawo n'kukaidula. Anachotsa za mvula, za ming'oma, za mmene mtima wake umagundira akamva makina osokera. Panatsala tsamba limodzi la tsiku la ankhoswe. Anamata nsomba ina, n'kuponya. Apa n'kuti Epulo ali kumapeto.

Inabwereranso. Ulendo uno ngodya ya envelopu inali itamatuka pang'ono chifukwa cha chinyezi cha m'thumba. Zakeyu anaiyang'ana ngodyayo nthawi yaitali, kenaka anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi.

"Kodi ndi choncho? Pali wina akutsegula makalata anga. Akawerenga, nsanje, n'kuibweza."

"A Chimbalanga," anatero a Mtambalika, atatuluka mpaka pakhonde, "mundipatse mpata wa mawu atatu okha."

"Mawu anu ndawamva kale. Mukufuna kunena kuti si inu. Wakuba aliyense amatero."

A Mtambalika anali mkulu wa mpingo. Kutchedwa wakuba pamaso pa anthu kunawapweteka. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kunena motsitsa kuti, "Chabwino. Tsiku limene mudzandifunse, ndidzakuyankhani."

Pano ndiulule changa. Mwina mukuti, nanga iwe wa pakathebulo, bwanji sunangokuwa kuti mtengo unakwera? Mwafunsa bwino, ndipo pitirizani kufunsa. Yankho lake ndi lochititsa manyazi. Tonse pakhonde paja nkhaniyi inkatikoma. Tinkafuna tione kumene ithere. Palibe anaganiza za mkazi amene ankadikira ku Mulanje. Mpaka lero ndikakumbukira, tiyi amandiwawa m'kamwa.

Kalata yachitatu anabwera nayo pa tsiku la msika, anthu ali thithithi. Zakeyu anali atasungunula phula la njuchi zake n'kuthira pakamwa pa envelopu. Anathira, n'kuthiranso, mpaka panakhala chibuluma chachikulu ngati chitumbuwa. Pakona, kansomba kaja kali kokha, kakuoneka ngati kakumira.

"Atsegule tsopano tione!" anatero, akuikweza m'mwamba.

"Nanga ikabwereranso, a Safunsa?" anafunsa mayi wa zitumbuwa uja.

"Ikabwerera? Mayi, mverani, ndipo nonse mukhale mboni. Kalata iyi ikabwerera, phula ili ndidzadya ine, pakhonde pompano."

Pabowo la bokosi inakana kulowa. Anachita kuikankha ndi chigongono.

Tsono njuchi zake zinamva fungo la phula lawo. Basi yonyamula thumba la makalata itanyamuka, zinanyamuka nazo, chimtambo chakuda pamwamba pa kaliyala. Zinaperekeza basiyo kudutsa Dedza, kudutsa Ntcheu, mpaka ku Limbe, kondakitala akutolera ndalama atafunda thumba kumutu. Akuti chaka chimenecho uchi wa kwathu unkamveka dizilo.

Juni anatha. Julaye ali pakati, m'mawa wa chisanu, thumba linafika. A Mtambalika anatuluka ndi kalata ija m'manja, phula lili pomwepo, litangoda ndi fumbi la m'njira. Chidindo chofiirira chinali pamalo pake. Mbiri inathamanga msika wonse. Pofika Zakeyu, pakhonde panalibe poponda.

Chimene ndimamulemekezera munthu uja n'chimodzi: mawu ake sankabweza. Palibe anamukumbutsa. Anakhala pabenchi langa, koyamba m'moyo wake, n'kumatula chibuluma chija, n'kuchiponya m'kamwa.

Ana inu, munatafunapo phula lopanda uchi? Silikoma, siliwawa, ndipo silitha. Ukatafuna limangosamukira tsaya lina. Linamata mano a m'mwamba ndi a m'munsi. Zakeyu anayesa kunena kuti "ndikudziwa kale", koma panangotuluka "mmm". Anthu anayamba ndi kuseka. Kenaka kuseka kunazilala, poti maso a munthuyo anali atadzaza misozi, ndipo sitinadziwe ngati ndi ya phula kapena ya china.

Anameza kachidutswa koyamba. Anameza kachiwiri. Pamene kukamwa kunatseguka pang'ono, anayang'ana a Mtambalika, n'kulankhula ndi mawu aang'ono, ngati a mwana wa Sitandade 2.

"Bambo... kodi makalata angawa akubwereranji?"

Palibe anaseka. Zimenezi muzisunge: palibe ngakhale mmodzi anaseka.

"Mtengo unakwera pa Nyuwere, mwana wanga," anatero a Mtambalika. "Pankangofunika kambalame kamodzi pambali pa nsombayo. Basi."

"Kamodzi kokha?"

"Kamodzi kokha. Ndipo nayi ina, yabwera m'thumba lomweli. Iyi masitampa ake ndi okwana."

Manja a Zakeyu anali phula lokhalokha. Anandipatsa ine. "Achimwene, mungandiwerengere?" Limenelo linali funso lachitatu m'mawa umodzi. Ndinawerenga motsitsa, koma pakhonde pali zii mawu otsitsa amafika kutali.

"A Chimbalanga, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi njuchi zanu. Katatu konse ndinaitanidwa ku positi. Kuchokera pa esiteti ndi ulendo wa maola awiri wapansi. Katatu konse ndalama yolipira inali pamfundo ya chitenje changa. Ulendo woyamba ndinaona dzanja lanu pa envelopu, mtima unadumpha. Koma ndinati, ibwerere, akafunsa n'kukonza, ndi zinthu zochitika. Ulendo wachiwiri ndinati, mwina anadwala, sanapeze womufunsa. Ulendo wachitatu ndinaona phula, ndipo ndinakudziwani. Nkhani si ndalama ayi. Ndinaganiza kuti mwamuna amene kalata yake yabwerera kawiri koma osafunsa chifukwa, tsiku lina mkazi wake adzabwerera kwa amayi ake, iye osafunsanso chifukwa. Adzangothira phula pachitseko. Kapitawo uja ndamulola. Si wokongola ngati inu, koma anandifunsa ngakhale saizi ya nsapato zanga. Tsalani bwino. Ine Mwatitha."

Nditapinda kalatayo, m'envelopu munagwa kanthu. Zakeyu anawerama n'kutola. Kanali kasitampa ka mbalame, katsopano, kosamata.

Anakayang'ana nthawi yaitali, phula lotsala likadali m'tsaya. Kenaka anakaika m'thumba la jekete, la kumtima, n'kunyamuka. Anthu anamupatukira njira. Atafika pakhomo anaima pa chidziwitso chija, chimene chinali chitayamba kufuwa ndi dzuwa, n'kuchiwerenga chonse, chala chikutsata mzere uliwonse.

Anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo anasanduka munthu wotopetsa ndi mafunso. Akakwera basi ankafunsa dalaivala, kondakitala ndi mayi wokhala naye pampando. Anadzakwatira mkazi wina wa kutsidya kwa dambo, amene ankadandaula pachitsime kuti, "Amuna angawa, ukangoti phee pang'ono, ayamba kale: 'Kodi mwakwiya? Ndalakwa chiyani?'" Akazi anzake ankamuyankha kuti, "Tibwerekeni sabata imodzi." Koma dzina lija silinamuchoke. Ndipo mpaka lero, munthu akamathamangira chinthu chimene sakuchidziwa, pamene woti amuuze wakhala pompo, akuluakulu amangopukusa mutu n'kunena kuti: Safunsa anadya phula.

Za njuchi zoperekeza basi zija ndangowonjezera ine. Njuchi zathu sizifika ku Limbe, zimabwerera pa Dedza.