Mzere Wachitatu pa Mapu a Mijigo

Mpaka lero mkazi wanga akukhalabe kwawo ku Vubwi, ine ndikudziphikira ndekha ku Katete, ndipo wolakwa ndi kompyuta. Anzanga amati wolakwa ndine, koma iwowo sanalimbanepo ndi pulogalamu yojambulira mapu.

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina loona za mijigo. Chaka chatha tinayenda m'midzi kulemba mjigo uliwonse pa foni: dzina la mudzi, nambala ya mjigo, ndi kadanga komaliza ka ndemanga. Midzi ya Katete anayenda ndi Mai Tembo, anzanga a mu ofesi. Ya Sinda ndi Vubwi ndinayenda ine ndi dalaivala. Zonse zinakalowa m'tebulo limodzi mu kompyuta, nkhani n'kuiwalika.

Nthawi yomweyo ndinali pakati popempha chitengwa. Ankhoswe anali atapita kale kawiri kukapempha kuti mkazi wanga adzakhale nane kutauni, ndipo apongozi anga aakazi, omwenso ndi apampando a komiti ya mjigo m'mudzi mwawo, anali atayamba kufewa. Anati ayankha akamaliza kukolola.

Ndiye abwana akuti pakufunika mapu aakulu a msonkhano wa makomiti, ndipo pambali pa kadontho ka mjigo uliwonse palembedwe zinthu zitatu zija. Ndinaziika zonse pa mzere umodzi. Mawu ake anatalika mpaka ena anawoloka malire kukathera ku Mozambique. Abwana anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti akufuna mizere itatu, wina pansi pa unzake (kulamula n'kosavuta ukakhala kuti sugwira ndiwe).

Zinanditengera masiku awiri. Umalemba danga la mudzi, kenako kachizindikiro kouza kompyuta kuti itsike mzere, kenako danga la nambala, kachizindikiro kenanso, kenako la ndemanga. Ukaphonya kamodzi, mapu onse amangoyera mbee. Nditakonza zimenezo, midzi yambiri ya Katete inasowa. Ndinatuluka thukuta ndisanazindikire kuti danga limodzi likakhala lopanda kanthu, chinthuchi chimameza mizere yonse itatu, ndipo Mai Tembo ndi munthu woumira mawu, m'midzi yambiri sanalembe ndemanga. Ndinakonzanso zimenezo. Ya Sinda ndi Vubwi inatuluka yonse, popanda danga logona. Ndinadzitama mumtima kuti ntchito ya ine imaoneka.

Poyesa ndinakuza mbali ya Katete yokha, chifukwa ndiyo inkavuta. "Chogwirira chathyoka." "Madzi akutuluka bwino." Ndinakhutira, n'kutumiza kokasindikiza.

Chimene ndinaiwala n'chakuti ndemanga zanga sizinali za mijigo. Mukudziwa kuti mlendo wa ntchito akafika pamudzi amam'konzera chakudya, ndipo kukana ndi mwano. Tsiku limodzi umatha kudya kanayi. Choncho ine ndi dalaivala tinkalemba m'kadanga kaja zotithandiza ulendo wina, kuti tidziwe koyenera kufika ndi njala ndi koyenera kudutsa mofulumira. Kodi pamenepa pali tchimo? Ndi dongosolo la ntchito basi.

Msonkhano unachitikira m'tchalitchi ku Vubwi. Tinakhoma mapu kukhoma, amayi a makomiti n'kuunjikana, aliyense kufuna mudzi wake. Ine ndinaima kumbuyo, manja m'thumba, kudikira kuyamikiridwa. Kenako kunayamba kuseka. Mphunzitsi wina wopuma, wa mawu ngati belu, anadzipereka kuwerengera amene anaiwala magalasi.

"Fikani ndi njala, amapha nkhuku!"

A mudzi umenewo anaimba nthungululu. Wotsatira unali "Nyemba zokhazokha." Wina "Galu amaluma koma chigumu chabwino." Ndinatulutsa manja m'thumba, chifukwa chala cha aphunzitsi chinkatsikira kum'mawa, ndipo ndinakumbukira chimene chinali kumeneko. Anawerenga dzina la mudzi wa apongozi, nambala ya mjigo, kenako mzere wachitatu, wokhala bwinobwino pakati monga ndinaukonzera: "Musadye kuno. Ndiwo zilibe mchere."

Tchalitchi chonse chinatembenuka kuyang'ana apongozi.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Sindinaname. Apongozi anawaletsa mchere kuchipatala, ndipo mudzi wonse umadziwa. Munthu woleredwa bwino akanaona mawu amenewo akanawabisa, koma kompyuta ilibe ulemu, imasindikiza chilichonse mwa zilembo zofanana. Komanso abwana anasaina mapuwo osawerenga, Mai Tembo anawapinda osawerenga, dalaivala (mwini wake wa mawu akuti "musadye kuno") anali kunja akupukuta galimoto ngati sakundidziwa.

Kwathu mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, ndipo iwo mwambo amausunga. Anaimirira, anakonza chitenje, n'kuyang'ana mapu, ine atandipatsa msana.

"Pepala iwe, ukawauze amene anakulemba kuti mwana wanga ndinam'phunzitsa kuphika ndine. Sindingawapatse munthu woti akawazunze ku Katete. Akhale kaye, tiziphunzira mchere."

Ankhoswe anapitanso, atanyamula mawu opepesa ndi tambala. Tambala analandiridwa. Za chitengwa anangoti nthawi ikakwana tidzamva. Abwana anandilamula kusindikiza mapu ena a mizere iwiri, koma akale aja sitinawapezenso, apongozi anali atawapinda n'kupita nawo. Anawakhoma pabalaza, moyang'anana ndi mpando wa alendo.

Ndiye Loweruka lililonse ndimakwera basi kukaona mkazi wanga, n'kukhala pa mpando umenewo. Masiku ano ndiwo zanga apongozi amaziphika padera, ndipo amathira okha mchere ndi dzanja lodzaza, woti lilime limachita kuwawa mpaka Lachiwiri. Mkazi wanga amabweretsa mbale atagwira pakamwa kuti asaseke. Ine ndimadya yonse, n'kutumiza mawu kukhitchini kuti zakoma kwambiri.