Mkango Wanga ndi Mbale ya Nsawa

Ine manyazi ndinali ndisanawaonepo chibadwire. Ndinkangomva kuti amagwira anthu ena, ngati mutu waching'alang'ala. Koma chaka chino anandipeza, masanasana, makolo a sukulu yonse akuona. Mvetserani kwa mwini wake, chifukwa mukakamva kwa Che Amidu akawonjezera. Munthu uja ngwabodza.

Dzina langa ndine Chikhosi, koma kuno ku Dambe mukafunsa Chikhosi anthu azingoyang'anana. Funsani Chiphamkango. Sukulu sindinapite. Aphunzitsi a nthawi yathu anandiona tsiku limodzi lokha n'kunena kuti palibe choti awonjezere. Ndiye poti nzeru sizibisika, makolo anandisankha kukhala tcheyamani wa komiti ya sukulu yathu ya pulaimale, ndipo Lachisanu lililonse ana amasonkhana pansi pa mtengo wa mango kumva mbiri ya dera lino kuchokera pakamwa panga. Mbiri ya dera lino, tikanena mosabisa, ndi ine ndi mkango umene ndinapha ndi manja. Chipsera chili pantchafu apa. Ana amene anayamba kuchiona lero ali ndi imvi.

Lolemba lina ahedi athu, Madamu Mvula, anaitanitsa komiti. Patebulo panali kathabwa kagalasi, kolumikizidwa ku batire la sola.

"Iyi ndi tabuleti," anatero Madamu. "Muli nzeru za makina, zija akuti Eyai. Imamva Chichewa, imayankha, imathandiza mwana kuwerenga. Atibwereka kuti tiyese. Lachinayi kubwera bwana woyendera masukulu, makolo adzasankhe ngati tiilandire kapena ayi. Ikhozanso kusunga mbiri ya akuluakulu, ana azimvabe ngakhale eni ake atapita."

"Atapita kuti?" ndinafunsa.



Che Amidu, wachiwiri wanga mu komiti, amene anachokera ku Kamwendo kudzatsegula golosale pafupi ndi sukulu, anakonza kachipewa kake. "Tiiyese ndi mkango wa a tcheyamani. Ikapirira umenewo ndiye kuti ndi yolimba."

Ndinaimirira. Ndinafotokoza mmene mkangowo unabangulira mpaka nkhuku za ku Zambia zinasiya kuikira. Manyenje ake ngati denga la udzu lonse. Ndinaupeza ukuyamwitsa ana, unandiluma pantchafu, ine ndinaugwira mchira, n'kuuzunguza, n'kuumenyetsa pachulu. Chulucho chinaphwa, pano ndi pamene amasewerera mpira.

Kathabwa kaja kanayankhula, mawu ofewa ngati a namwino watsopano.

"Zikomo agogo, nkhani yokoma. Ndifunseko pang'ono kuti ndisunge bwino. Mwati unali ndi manyenje, kenako mwati unkayamwitsa. Unali wamphongo kapena waukazi?"

Abale, zaka zonsezi palibe anandifunsapo zimenezo. Kuno mkulu akamayankhula umangoti "ee, ee," mafunso ako umakafunsira kunyumba kwako. Che Amidu anagwidwa chifuwa cha dzidzidzi, mapewa akugwedera.

"Mikango yakale inali choncho," ndinayankha, n'kutseka msonkhano.

Panjira ndinaganiza mozama. Kanthu aka kakadzafunsa zotere Lachinayi pamaso pa makolo, Chiphamkango watha, Lachisanu langa lapita. Koma ine milandu ndaiona yambiri, ina ndinaiweruza ndili kumsana kwa amayi. Ndimadziwa kuti mboni ya mafunso ambiri ndi mboni imene sunakaione mseri. Umapita mlandu usanafike, m'manja muli kanthu, mumagwirizana.

"Nabanda," ndinaitana mkazi wanga, "kazingani nsawa. Zachalimbana, zazikuluzikulu. Muthire mchere."

"Za ndani, bambo?"

"Za ntchito ya boma."

Lachitatu mmawa ndinafika ku ofesi, mbale nditaiphimba ndi kansalu. Ndinapempha Madamu kuti andiyatsire tabuleti ija n'kutisiya awiri, poti tinali ndi nkhani za amuna. Anadina, n'kupita kukalasi. Ndinatseka chitseko, n'kukokera mpando pafupi.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Ndadzuka, mwanawe. Taona, iwe ndi mlendo kuno, sudziwa mmene timakhalira. Ndakutengera kanthu aka."

Tsono pali lamulo limene aliyense wodziwa milandu amalitsata: mboni yako suibisira, kuopa kuti ingadzapunthwe pabwalo. Choncho ndinatsitsa mawu n'kuiuza zimene amadziwa Nabanda yekha.

Ndili mkamwini watsopano kwao kwa Nabanda, tsiku lina ndinakhota kuseri kwa nkhokwe n'kungoti gululu ndi apongozi anga aakazi, maso ndi maso. Mkamwini wolongosoka sachita zimenezo, amapatuka. Kumanzere kunali nkhokwe, kumanja kunali kampanda. Ndinalumpha kampandako mwaulemu wonse, n'kugwera m'khola la nkhumba yawo imene inali itangoswa. Nkhumba yoyamwitsa sidziwa chikamwini. Inandigwira pantchafu, ndipo amene anandilanditsa ndi munsi anali apongozi omwewo.

"Ndiye mawa," ndinatero, "anthu akafunsa, iwe uziti mkango. Wamphongo. Za kuyamwitsa zija tazichotsa."

"Pepani agogo, zinali zowawa ndithu," kanayankha. "Koma ine nsawa sindidya. Komanso sindinganene kuti chinthu n'choona pamene ndikudziwa kuti si choona."

Ndinamwetulira. Kanthu aka kanaleredwa bwino. Kuno wolandira amayamba wakana, mlendo amati ndakhuta mimba ikulira ngati ng'oma. Ndinasendeza mbale ija pafupi ndi galasi lake, n'kutuluka mwakachetechete kuti kadye momasuka.

Masana ndinadzeranso ku ofesi ngati ndikufuna madzi akumwa. Mbale ili mbee, mwatsala timakoko ndi mchere. Ndinatsala pang'ono kuvina. Kani Eyai nayenso ndi mwana wa kuno.

Lachinayi bwalo linadzaza. Bwana woyendera masukulu anafika panjinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Tabuleti anailumikiza ku sipika yaikulu ija timabwereka pa maliro. Makolo anayamba mafunso. Dzuwa likapanda kuwala itchajidwa ndi chiyani? Aphunzitsi achotsedwa ntchito? Ana sazingokopera? Madamu anayankha zonse modekha, kuti mphunzitsi ndiye mwini kalasi, makina ndi khasu chabe, khasu silidzilimira lokha.

Kenako mayi wina kumbuyo anakweza dzanja. "Nanga sikadzanamiza ana athu kameneka?"

Apa munthu wanzeru zochepa akanakhala chete. Koma ine ndinali nditalipira kale. Ndinaimirira, ndinapita kutsogolo, ndinapinda buluku mpaka chipsera chinaonekera kwa bwana.

"Makolo, ine ndakayesa ndekha kanthu aka. Sikanama. Chimene kanene, chomwecho. Mwanawe, auze anthu awa chimene chinandiluma apa."

Sipika inatsokomola pang'ono.

"Agogo, munandiuza nkhani ziwiri. Ndinene iti? Ya Lolemba ya mkango, kapena ya dzulo ya nkhumba ya apongozi anu, imene munandipempha kuti ndisaitchule?"

Ndinamva mbuzi ikutafuna chikoko cha mango patali. Mwendo wa buluku unali udakali m'manja mwanga, ndipo sindinadziwe ngati ndiutsitse kapena ndithawe nawo.

Mkwiyo ndi umene unandimaliza.

"Wosayamika iwe!" ndinakuwa. "Wadya nsawa zanga mbale yonse, lero ukundiyalutsa?"

"Nsawa ziti, a tcheyamani?" anafunsa bwana.

Madamu Mvula anagwira pakamwa. "Mayo, zija zinali za tabuleti? Ine ndimayesa mwandibweretsera ine. Tinagawana ndi aphunzitsi pa buleki."

Pamenepo ndiye bwalo linaphulika. Amayi ena anagona chammbali. Bwana anavula magalasi kuti apukute misozi. Che Amidu anadikira mpaka phokoso litatsika, poti munthu uja amadziwa kusunga mpeni.

"A tcheyamani, ife nkhumba sitidya, aliyense akudziwa. Koma sitimadziwa kuti kwanuko ndi iyo imadya inu."

Ndinayang'ana kwa Nabanda kuti mwina mkazi wanga andiombola. Anaimirira, n'kumanga chitenje bwinobwino.

"Ine ndaisunga nkhumba imeneyi chikwatiwire, osalandirapo ngakhale nsawa imodzi. Dzulo ndakazinga ndekha, kupsa zala, kani akukapatsa galasi."

Bwana atapeza mpweya anati makolo aone okha ngati ailandire tabuleti ija. Manja anakwera ngati chimanga cha m'dimba. Mayi wa kumbuyo uja anati kanthu kamene katulutsa zoona mwa a Chikhosi kakhoza kutulutsa masamu mwa mwana aliyense. Anagwirizananso lamulo loyamba la kagwiritsidwe kake: aliyense, mwana kapena mkulu, aziuzidwa kaye kuti zimene akuyankhula zikusungidwa, ndipo zachinsinsi asamaziuze makina. Lamuloli analitcha dzina langa. Mwa anthu onse a boma la Mchinji, ndi angati ali ndi lamulo lawolawo?

Lachisanu ndinapita ku mtengo wa mango mwendo ukulemera, ndikuganiza kuti ndikapeza mabenchi okha. Ndinapeza ana ochuluka kuposa kale, ena a sukulu yoyandikana nayo, ndi makolo omwe ataima kumbuyo ngati akungodutsa.

"Agogo," anafunsa mtsikana wina, "nkhumba ija inali yaikulu bwanji?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Tabuleti inali ku ofesi, ikutchajidwa.

Ndiye ndinawauza zoona zokhazokha. Inali ngati minibasi ya ku Kamwendo itanyamula ndi katundu pamwamba, mano ngati makasu, ndipo ikalira nkhuku za ku Zambia zinkasiya kuikira. Mkango ukanaiona ukanalumpha kampanda komwe kaja kubwerera kumene unachokera.

Musanapite kukatseka pakamwa pa mboni, abale anga, yambani mwaona ngati ili ndi mimba.