Batani la a Maginito

M'mawa uliwonse, huta, lipenga la pa mgodi wa malasha wa ku Wanki, ikangolira, a Laiton ankatuluka m'nyumba mwawo ku komboni ya Nambala Thu, n'kuima njo pakhomo, chifuwa patsogolo, n'kuichitira sawatcha hutayo ngati ikuwaona. Akatero ankatenga chingwe chawo, chomwe kunsonga kwake anamangako chimaginito chachikulu ngati chibakera, n'kuyamba kuchikoka m'fumbi la malasha kulowera ku njanji, ku jankishoni ya Thomson Junction, pokumanira njanji. Mvula, dzuwa lija la ku Wanki lowotcha mpaka nkhuku kuyasama, zonsezo iwo analibe nazo ntchito. N'chifukwa chake aliyense, ngakhale eni dera, Anambya ogulitsa nkhuni, ankangowatchula a Maginito.

Wovutika anali mkazi wawo, mayi Esnath, amene ankachapa zovala za azungu kumayadi a ku Baobab. Akaweruka ankapeza mwamuna wawo atayala pamphasa zimene wakola tsikulo: misomali, zotsekera mabotolo, theka la supuni. Pansi pa bedi panali patadzaza kale, moti munthu ukatembenuka nyumba yonse inkalira ngati shopu ya njinga.

"Bambo a Letty, nyumba ino ndi ya anthu kapena ya zitsulo?"

"Mayi, msilikali sasiya katundu wa Mfumu m'tchire."

"Msilikali wake uti? Wa tsiku limodzi uja?"

"Tsiku limodzi la nkhondo liposa chaka chathunthu chochapa makabudula a eni."

Nkhani yake inali yotere. Pa nkhondo yoyamba ya Jeremani, a Laiton ali mnyamata wongofika kumene wapansi kuchokera kwawo ku Dedza, sitima ya asilikali inaima m'tchire pamene pali jankishoni lero. Msilikali wina anali atathawa. Sajeni anangoloza a Laiton, n'kuwaveka jekete la wothawayo, la mabatani onyezimira. Anaguba m'mawa wonse. Dzuwa lisanapendeke batani limodzi linasowa, sajeni anawavula jekete n'kuwakalipira kuti, "Hamba! Choka!" Sitima inapita, iwo anatsala. Dzino lawo lakutsogolo lobenthuka ankati linabenthuka kunkhondo komweko, koma ukawafunsa kuti zinatani, ankayamba kukamba za mvula.

Batani limenelo ndi lomwe ankafuna zaka zonsezo.

Anthu ankaseka, koma ankawakonda, chifukwa a Laiton ndiwo anali kaputeni wa gule wa mganda wa ku Nambala Thu. Wezulo inali yawo. Akaiimba Lamulungu masana, anyamata a makabudula oyera ndi masokosi ofika m'mawondo ankaponda pamodzi mpaka fumbi kukwera kuposa utsi wa mauvuni owotchera malasha. Mgodi unawatenga msana, unawatenga ndi chifuwa, koma wezulo ili pakamwa munthuyo ankatalika.

Ndiye kunabwera a Raphaeli. Awa anali msilikali weniweni, womenya nkhondo ku Burma, wa mamendulo awiri ndi masharubu opotana. Anafika Khirisimasi ili pafupi, pamene a ku Nambala Thu ankakonzekera kukapikisana ndi a ku Nambala Wani. Anaonerera gule kamodzi, n'kunena pamaso pa akuluakulu:

"Wezulo imayenera munthu wonunkhizapo wonga. Madala, inu munali gulu liti?"

"Gulu la Mfumu."

"Umboni?"

"Uli pansi. Ndikuukumba."

"Ndi ichi?" A Raphaeli anatola chimaginito chija, anachotsa baji yamkuwa pachipewa chawo, n'kuikhudzitsa. Baji inagwa pansi, phi! Anayesanso, phi! "Madala, maginito sagwira mkuwa. Mukanatha kulidutsa pamwamba batani lanulo m'mawa ndi madzulo, ilo lili phee kukuonererani."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Akuluakulu anakambirana pang'ono, n'kupereka wezulo kwa a Raphaeli.

M'mawa mwake huta inalira, a Laiton sanatuluke. Anagona chopenyetsa kukhoma. Mayi Esnath, amene anakhala akupempha Mulungu zaka zambiri kuti chingwecho chiduke, anaima pakhomo ndi mtolo wa zovala pamutu, mtima ukuwawa ngati wina wawamwazira tsabola. Anatsitsa mtolo, nalunjika kwa a Kassimu.

A Kassimu anali Myao wa gulu lokonza mapaipi a madzi. Ndiwo ankanyamula makina otsala kunkhondo, aja asilikali ankafufuzira mabomba okwiriridwa: ndodo yaitali ya mbale kunsonga, ndi zovala m'makutu. Mbaleyo ikadutsa pa chitsulo chilichonse cha pansi, m'makutu munkalira ngati udzudzu.

"Achimwene, makina anuwa amamva mkuwa?"

"Alamu, awa amamva ngakhale ndolo ya agogo anu ali kumanda."

"Ndikusitirani mkanjo wanu Lachisanu lililonse mpaka chaka chithe."

A Kassimu anakanda ndevu. Sabata imeneyo ankakumba paipi kufupi ndi jankishoni, ndipo kapitawo wawo wachizungu masana ankapita kukadya. "Ndi wowuma bwino, wa sitachi?"

"Woima wokha."

"Bwerani nawo madalawo."

Anapita, ndipo theka la amayi a m'komboni linatsatira, ana kumsana. A Laiton analoza mtengo wa tsanya kuti ndi pomwe anaguba. Kenako analoza wina. Kenako anati mitengo yasuntha. Makina analira, mayi Esnath anakumba ndi khasu: chitini cha nyama. Analiranso: chitini china.

"Asilikali anuwo ankamenya nkhondo kapena ankangodya?" anafunsa mayi wina.

Dzuwa linali pamutu, thukuta likutsika m'maso. A Kassimu anayamba kuyang'ana kumsewu kuopa lole ya kapitawo. Atatsala pang'ono kuvula zam'makutu zija, anaima patsinde pa tsanya wamkulu.

"Apa pakulira mwaulemu."

Mayi Esnath anakumba mpaka khasu linagunda muzu. Pamuzupo panali kanthu kobiriwira, kozungulira. Muzu unali utalowa pa kamphete kakumbuyo kwake, n'kufufuma mbali zonse ziwiri ngati chala chovala mphete yothina. Anadula muzu womwewo, osauchotsa. Kunyumba anakatsuka kanthuko ndi ndimu ndi phulusa, ndipo pang'onopang'ono panatuluka chisoti chachifumu. A Laiton anakhala pansi. Analisisita batanilo ndi chala mpaka kunada.

Lamulungu a Laiton analipereka kwa a Raphaeli pakati pa bwalo, anthu atazungulira.

A Raphaeli analitembenuza. "Lankhondo ndithu. Chisotichi ndi cha Mfumu yamphongo, si cha Mfumukazi yalowa kumeneyi. Koma nafenso tinamenyera Mfumu. Likhoza kukhala la dzana, la nkhondo yathu."

"Taonani muzuwo, bwana sajeni," anatero a Kassimu. "Unalowa pa kampheteko uli ngati ulusi. Lero ndi chala changa chachikulu. Tsanya sakula ngati chinangwa. Muzu uwu unayamba ulendo inu musanavale kabudula."

A Raphaeli analiyeza m'dzanja, nagwedeza mutu. "Kulemera kwake ndi kwakale. Athu a ku Burma anali opepuka ngati makoko a mtedza. Chabwino, ndavomera, ndi la nkhondo ya Jeremani yoyamba. Koma sitima ija inali yodzaza asilikali. Tidziwa bwanji kuti ndi la madalawa?"

A Laiton anayang'ana pansi. Mayi Esnath sanali munthu woyankhula pagulu la amuna, ngakhale kutchalitchi ankakhala kumbuyo. Koma potsuka paja anali ataona kanthu m'mphepete mwa batanilo, ndipo nkhani ya dzino anaimva kalekale, ali mtsikana, mwini wake akuwafunsira.

"Bambo a Letty, yasamulani."

"Mayi, pano ndi pagulu."

"Yasamulani, mukufuna wezulo kapena ulemu?"

A Laiton anayasamula. Mayi Esnath anatenga batani, n'kuika pobonyoka paja padzino lobenthuka. Linalowa ngati chivundikiro pa mphika wake.

"Ankati ndi golide," anatero mayi Esnath. "Analidula pa jekete n'kuliluma kuti ayese. Dzino linathyoka, batani linauluka."

"Linkawala kwambiri!" anakuwa a Laiton, batani likadali pakamwa. "Inu mukanatani?"

Anthu anaseka mpaka ena kugona pafumbi. A Raphaeli anaseka koposa onse, misozi ili mbwee m'masharubu. Atapuma anati, "Ine tsiku langa loyamba ndinadya sopo wa boma, ndinkayesa chakudya cha azungu. Uchitsiru wotere suchitika kwa munthu wamba, ndi wa msilikali yekha. Ndipo munalowa ine ndisanabadwe." Anagunditsa zidendene, nawachitira sawatcha, navula wezulo m'khosi.

Za pa Khirisimasi imeneyo, funsani a ku Nambala Wani, ngati angafune kukamba. A Laiton anatsogolera atasokerera batani pachifuwa cha jekete lawo la gule ndi ulusi wofiira, a Raphaeli ali pambuyo pawo ngati wachiwiri, a Kassimu akuonerera mu mkanjo woima wokha. Nkhalamba inatembenuka pa chidendene chimodzi ngati mnyamata, fumbi linaphimba dzuwa, amayi analulutira mpaka mawu kusasa. A ku Nambala Wani ananyamula ng'oma zawo gule asanathe. Mayi Esnath anavina nawo m'mbali, kuphimba kumaso ndi mpango.

A Laiton anaigwira wezulo mpaka mvula ya chaka chinacho, pamene chifuwa chinawagoneka osadzukanso.

Chimwalirire iwo, njira ya ku jankishoni yasanduka yoopsa. Ana akubaidwa ndi misomali, njinga zikuphulika matayala, ndipo anthu azindikira mochedwa kuti munthu uja ankawasesera msewu zaka zonsezo popanda womuthokoza. Mganda ukuvinidwabe, a Raphaeli amaimba wezulo bwino ndithu, molongosoka. Kungoti palibenso amene amaseka pakati pa gule. Mayi Esnath zitsulo za pansi pa bedi sanataye. Akuti nyumba ikakhala chete sagona.

Tsiku lawo lomaliza lija, a Laiton anaitana mkazi wawo pafupi, mpweya ukuvuta, dzanja lili pachifuwa pamene panali batani.

"Mayi a Letty."

"Ndili pano, bambo."

"Jekete mundiveke, mundipese bwino. Koma batani ili mudule, likhale pamwamba. Musaliikenso m'dothi. Inu nomwe mukudziwa mmene linavutira kufukula."