Ndinkangofuna Mphunzitsi wa Fizikisi

Pali geti la sukulu ina mu Ndola muno limene ndikamadutsapo ndimayang'ana tsidya lina la msewu, ngati kuli chinthu chochititsa chidwi kumeneko. Mlonda wa pamenepo amandidziwa. Sandidziwa ngati mkulu wa mpingo, kapena ngati kalaliki wa pa sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, ayi. Amandidziwa ngati bambo uja anatuluka mu ofesi ya ahedi nsapato zili m'manja.

Nkhaniyi inayamba ndi mwana wanga wachisamba, Tiyanjane, yemwe nthawi imeneyo anali Giredi leveni. Mtsikanayu amafuna kudzakhala injiniya wa ku migodi, ndipo maphunziro ena onse ankakhoza bwino, koma fizikisi inamukana. Tsiku lina tinamupeza akulira kuseri kwa nyumba yathu ku Mushili, buku lili pamiyendo. Amake anandiyang'ana ndi diso lija amandiyang'ana nalo magetsi akatha.

"Atate a Tiyanjane, anzanu akupezera ana awo aphunzitsi apadera. Inu mukudikira chiyani?"

(Ine ndinkadikira kuti mwina fizikisiyo isintha yokha maganizo.)

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinafunsa mkulu mnzanga, a Sakala, munthu amene chibadwire sanavomerepo kuti pali chinthu chimene sadziwa. Anandikokera pansi pa mtengo wa mango n'kutsitsa mawu.

"Alipo a Mwansa, pa sukulu ija ya m'tauni. Fizikisi amaidziwa ngati dzina lawo. Koma samalani, akuluakulu a maphunziro safuna kumva za matushoni, zophunzitsa ana padera molipiritsazi, pa sukulu. Mukawaitanire pambali, mukanong'one. Mukakafuula muwachotsetsa ntchito."

Ndinawathokoza ndi manja awiri. Lachiwiri ndinapempha kabwana kanga kuti ndituluke pang'ono, ndinavala jekete langa la kutchalitchi, n'kunyamula mtedza umene mlongo wanga ananditumizira kuchokera ku Katete. Ndinaukulunga bwinobwino mu pulasitiki yakuda, chifukwa kwathu munthu sapita kukapempha thandizo ali chimanjamanja.

Chimene sindinaganize n'chakuti inali nyengo imene ana a Giredi thwelofu amalemba mayeso a boma. Nditafika ndinaona kuti sukulu yonse ili zii, ndipo pansi pa mtengo panakhala wapolisi ndi mfuti yake. Ine mumtima ndinangoti, eya, iyi ndiye sukulu yamwambo.

"Mulefwaya nshi, ba tata?" anafunsa mlonda m'Chibemba, kutanthauza kuti ndikufuna chiyani.

Chibemba changa, ngakhale ndakhala ku Kopala kuno, dera la migodi, zaka zambiri, chimangokwanira kugulira tomato pamsika. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi ndi khutu lake, ndikusakaniza zilankhulo.

"Ndefwaya ba Mwansa, ba fizikisi. Ndi kankhani ka mwana wanga. Koma ahedi asadziwe."

Mlondayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinasisita pulasitiki ija n'kunena kuti, "Ndabwera ndi kenakake." Kenako, pokumbukira kuti Tiyanjane ankadandaula kuti alibe mafunso a zaka zakale oyeserera, ndinawonjezera kuti, "Ngati ali ndi mapepala, ndiwafunanso."

"Loleleni panono," anatero mlondayo, kutanthauza kuti ndidikire pang'ono. Anatseka geti kumbuyo kwanga ndi loko. Ine ndinaganiza kuti ndi ulemu.

Anabwerako ndi wapolisi uja. Ndisanamalize kupereka moni, dzanja lake linali litagwira kale lamba wanga chakumbuyo, ndipo ndinayenda mpaka ku ofesi ya ahedi zala za kumapazi zokha zikugunda pansi. Ana amene anali atamaliza kulemba anaima pakhonde n'kumandiyang'ana. Mmodzi ananong'oneza anzake kuti, "Wa likeji!" Likeji, kwa amene simudziwa, ndi pepala la mayeso limene labedwa lisanalembedwe, ndipo anthu amalowa nalo m'ndende.

Mu ofesimo wapolisiyo anandilamula kuti ndivule nsapato ndi lamba, ndikhale pansi. Ndinakhala pa simenti, jekete la kutchalitchi lili m'thupi, chala chachikulu chitasuzumira pa chibowo cha sokosi. Ahedi anali mayi wamagalasi, wosaseka, ndipo anaima pafupi ndi kabati yachitsulo yokhala ndi maloko awiri.

"Mukudziwa chimene chili m'kabati umu?" anafunsa wapolisiyo, atasinthira ku Chinyanja poona kuti Chibemba chikundidutsa. "Pepala la fizikisi. Likulembedwa mawa. Wakutumani ndani?"

"Bwana, palibe wandituma. Kapena kuti, andituma akazi anga."

"Ndiye muli awiri."

"Ayi bwana, amene anandiuza za a Mwansa ndi a Sakala, a kutchalitchi."

"Atatu," anatero, uku akugwedeza mutu. "Ndi a Mwansa, anayi."

Ndinaona kuti ndikatsegulanso pakamwa ndimangitsa mpingo wonse, kuphatikizapo abusa. Wapolisiyo ananyamula pulasitiki ija mosamala, n'kuimasula pa tebulo la ahedi. Mtedza unakhuthuka, wina kugubuduzika mpaka pansi pa kabati ija. Ndinayembekeza kuti aseka. Sanaseke.

"Chiphuphu ndi chiphuphu, olo chikhale cha nshawa," anatero. "Ndipo mwana wanuyo mumuuze aiwale za mayeso. Dzina lake tilipereka kumene likuyenera kupita."

Mawu amenewo ndiwo anandithyola. Za ndende ndinali nditayamba kale kuzivomera, mpaka ndinkaganiza za amene adzandibweretsere bulangete. Koma Tiyanjane, mwana amene amadzuka kukadali mdima kuti awerenge, kumutsekera njira chifukwa cha kupusa kwa atate ake? Ndinagwada pa simenti paja n'kupempha kuti aimbire akazi anga, amve okha kuti ndife anthu otani.

Wapolisiyo anatenga foni yanga, anaimba, n'kuitsegula kuti tonse tizimva. Anandilozera chala kuti ndisanene kumene ndili.

"Amake Tiyanjane," ndinatero.

"Mwawapeza anthu aja?" anafuula akazi anga, phokoso la msika lili kumbuyo. "Muwauze kuti tidzachita chilichonse chimene afune, bola mwana akhoze. Ndipo musaiwale mapepala! Koma mukumbukire zimene ananena a Sakala, ahedi asamve!"

Ahedi anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. Wapolisiyo anamasula unyolo m'chiuno mwake n'kuuika pa tebulo, pakati pa mtedza. (Ndakhala ndi akazi angawa zaka zambiri, ndipo tsiku lililonse amati sindimvetsa malangizo. Tsiku limeneli ndi limene anasankha kuwabwereza momveka bwino.)

Amene anandipulumutsa ndi ahedi aja. Anatenga foniyo n'kulankhula Chichewa chenicheni cha kwathu kum'mawa.

"Mayi, ndine hedi wa pa sukulu imene amuna anu abwera. Mwanayo ali pafupi?"

Kunamveka kakuti gwa, ngati chinthu chagwa, kenako kunong'onezana. Mwamwayi Tiyanjane anali nawo pamsika pomwepo, popeza a giredi yake ankalowa masana m'nyengo ya mayesoyo.

"Mwana wanga, uli giredi yanji?"

"Leveni, madamu."

"Mayeso a boma ulemba liti?"

"Chaka chamawa."

"Nanga atate ako abwera kudzatani kuno?"

"Akufuna wondiphunzitsa fizikisi, ndi mapepala a zaka zakale. Ali bwino adadi? Madamu, chonde, adadi sadziwa kufotokoza zinthu."

Sindinanyozedwepo mokoma chonchi pa moyo wanga. Ahedi anamufunsanso za sukulu yake ndi dzina la mphunzitsi wake wa m'kalasi, anaimbira mnzawo wa kumeneko, ndipo zonse zinagwirizana. Wapolisiyo anabweza unyolo m'chiuno mwake monyinyirika, ngati munthu amene amulanda mbale akudya. Koma anati sandimasula asanaone a Mwansawo.

Anawaitanitsa. Pakhomo panalowa chimunthu chachitali, chovala zothamangira, wezulo ali m'khosi, mpira uli m'khwapa.

"Awa ndi a Mwansa," anatero ahedi. "Pa sukulu pano tili nawo amodzi okha. Amaphunzitsa masewera olimbitsa thupi, fiziko edukeshoni."

A Mwansa anandiyang'ana pansi pomwe ndinakhalapo, atadabwa. Atamva nkhani yonse anati fizikisi anailephera nawonso ali pa sukulu, koma ngati mwanayo akufuna kuphunzira netibo, abwere Lachisanu. Apo ndiye wapolisi uja anaseka mpaka kutsamira khoma. Ndinatola lamba ndi nsapato zanga n'kutuluka osavala, kuopa kuti angasinthe maganizo. Mtedza ndinausiya, ndipo sindinafunsepo amene anadya.

Mphunzitsi weniweni anapezeka sabata yomweyo, popanda thandizo langa. Tiyanjane anangofunsa poyera pa kwaya ya achinyamata, ndipo mtsikana wina amene amaphunzira pa yunivesite ku Kitwe anavomera kumamuthandiza Loweruka lililonse. A Sakala nditawafunsa, anayankha mosatekeseka kuti fizikisi ndi fiziko n'zapachibale.

Ine ndinatsimikiza mumtima kuti kuyambira pamenepo, chinthu chikakhala chosalakwika ndizichinena mokweza, aliyense amve. Mwayi woyesa nzeru yatsopanoyi unabwera Lamlungu lotsatira. Nkhani inali itafika kale ku Mushili, koma itapindika panjira. Titatuluka m'mapemphero, mayi wina wa chigwirizano, wolemekezeka ndithu, ananditsatira mpaka pa mpopi n'kundinong'oneza.

"Atate a Tiyanjane, tamva kuti mumadziwa kopeza mapepala. Wanga akulemba masamu Lachitatu."

Ndinaimirira mowongoka, ndinakoka mpweya, n'kuyankha ndi mawu anga onse owerengera zolengeza: "Amayi Zulu, ine sindigulitsa likeji!"

Mpingo wonse unatembenuka, ndi abusa omwe. Mpaka lero amayi Zulu sandipatsa moni, ndipo akazi anga anagamula kuti pa nkhani za sukulu ndisamanong'one, ndisamafuule, ndizingokhala kunyumba.