A Wilf Dunkerley, Ofukula Makolo a Eni

M'tauni yathu ya Lovatt munalibe munthu amene a Wilf Dunkerley sankadziwa tchimo la agogo ake. Anthu ena akakumana nawe pamsewu amafunsa za thanzi kapena za mvula. A Wilf ankayamba akuyang'anitsitsa pamphuno, kenako n'kunena kuti, "Mphuno imeneyo ndi ya Bridget Cooney. Anaba bulangete mu 1841." Akatero ankakweza chipewa n'kupitiriza ulendo, iwe utangoima ndi buledi wako m'manja.

Machimowo sankavuta kupeza. Pachilumba chino cha Tasmania ambirife makolo athu sanabwere mwa kufuna kwawo, anatsika m'zombo za akaidi zochokera ku Mangalande unyolo uli kumiyendo. Koma pa ubwana wanga nkhani imeneyi sinkatchulidwa. Banja lililonse linali ndi kholo limene akuti linabwera kudzaweta nkhosa, mwakuti mukanawerenga bwinobwino, oweta akanachuluka kuposa nkhosa zimene.

Ine ndine Noeline, ndipo ndinagwira ntchito pa positi ofesi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, choncho matenda a a Wilf ankadutsira m'manja mwanga. Iwo ntchito yawo inali yowerenga mamita a magetsi. Analowapo m'nyumba iliyonse, ndipo m'malo moyang'ana mita ankayang'ana zithunzi za pakhoma. Atapuma ntchito anayamba kulemba makalata kumaparishi a ku Mangalande ndi ku Ireland, kupempha kuti awakopere mabuku akale a ubatizo, a maukwati ndi a maliro. Ankalemberanso kumakhoti kuitanitsa mawilo, makalata ogawira chuma chamasiye, a anthu amene anafa kalekale.

"Buku la ubatizo limangokuuza kuti munthu anabadwa," ankandiuza akununkhiza envulopu. "Koma wilo, Noeline, wilo imakuuza amene ankadana naye."

Akazi awo, a Merle, anali atazolowera. "Anzanga amadandaula kuti amuna awo amathamanga ndi atsikana," anandiuza tsiku lina. "Wanga amathamanga ndi akazi amene anamwalira mu 1860. Ndikamenyane ndi ndani?"

Pa ukwati wa mwana wa Col Brannock, mwini butchala, abusa atafunsa ngati pali wina wodziwa choletsa, dzanja la a Wilf linakwera pang'onopang'ono. Mkwatibwi anachita kuyera ngati diresi lake.

"Choletsa chilipo, a Dunkerley?"

"Choletsa palibe, abusa. Ndimangofuna adziwe kuti ndi pachibale. Agogo a agogo awo anamangidwa unyolo umodzi, ndipo pambuyo pake anakwatira mkazi mmodzi."

"Motsatizana?"

"Mabuku sakunena momveka."

Col anawatulutsa m'tchalitchi atawagwira pakolala, koma kuphwando anawakhazika tebulo lapamwamba kuti amve nkhani yonse.

Mlandu waukulu unali wa Mayi Marguerite Lovatt. Amenewa anali a banja limene tauni inatengera dzina, eni munda waukulu wa maapozi kutsidya kwa mtsinje, mayi woyenda khosi lili gwa. M'chipinda chawo chochezera munali chithunzi cha Kaputeni Josiah Lovatt, kholo lawo, msilikali wa Mfumu. Tauni itatsala pang'ono kukwanitsa zaka 150, khonsolo inagwirizana zoimika mwala wa chikumbutso cha Kaputeni, ndipo Mayi Lovatt anatuma a Wilf kuti apeze nkhondo zimene anamenya.

Patapita miyezi inayi a Wilf anapita kukapereka lipoti. Ananditenga ngati mboni, ati pankafunika munthu woti akaitane ambulansi.

"Nkhondo ndapeza imodzi yokha," anatero atalandira tiyi. "Anamenyana ndi apolisi awiri kuseri kwa bala ku Portsmouth."

"Kaputeni?"

"Sanali kaputeni, mayi. Ankachapa zovala za kaputeni. Tsiku lina anavala jekete la abwana ake n'kupita nalo kukamwa mowa waulere. Anamugwira patatha maola awiri. Anzake a m'chombo cha akaidi ndi amene anamupatsa dzinalo, momuseka."

"Nanga chithunzicho?"

"Chili mumndandanda wa katundu wake wamasiye. Anachigula kale chojambula. Munthuyo sitikumudziwa."

Mayi Lovatt anaika kapu pansi mosamala kwambiri. Anati akawatengera kukhoti. A Wilf anati angakondwe, chifukwa mapepala a khoti amasungidwa bwino. Mayiwo anasintha, anayamba kunyengerera, mpaka anagwetsa misozi: mwala wagulidwa kale, alendo aitanidwa, kodi a Wilf sangangolemba mawu awiri okoma? A Wilf anakana kulemba bodza, koma mtima wawo sunali wamwala. Anaganiza sabata yathunthu. Mwalawo ulipo mpaka lero kutsogolo kwa holo, ndipo umati: JOSIAH LOVATT, AMENE ANAVALA YUNIFOMU YA MFUMU MOLIMBA MTIMA.

"Palibe liwu labodza," anandiuza. "Pamafunika mtima kuti uvale jekete la eni."

Kenako dziko linatembenuka, monga mudziwa. Sindikumbukira chaka chenicheni, koma tinangoona kuti kukhala mdzukulu wa mkaidi kwasanduka ulemu. Anthu omwe ankawoloka msewu akaona a Wilf anayamba kuima pamzere pakhomo pawo, makeke ali m'manja. Kunabwera ndi mipikisano. Woba buledi anali wapansi, woba hatchi anali wapamwamba, koma woukira boma ndiye anali bwana wa onse. Mayi Lovatt anachotsa chithunzi chija n'kuyamba kugulitsa jamu wa maapozi kwa alendo, pabotolo atajambulapo unyolo. Dokotala wathu wa mano anachoka kwa a Wilf nkhope itagwa.

"Mwafufuza bwino?" anafunsa.

"Kanayi. Kholo lanu linali m'busa wa mpingo, bambo ake analinso m'busa."

"Sanabepo ngakhale chopereka?"

"Pepani, adokotala. Si banja lililonse lili ndi mwayi."

Koma pamenepa mpamene panali chilonda. A Wilf anagawira tauni yonse akuba, koma iwo analibe ngakhale mmodzi. Mzera wawo unkathera pa munthu wina dzina lake Elias Dunkerley, amene anangotulukira m'buku la ubatizo la 1852 ngati bambo wa mwana, ntchito yake atalemba kuti wantchito wa boma. Za m'mbuyo mwake kunali zii. A Wilf ankati chete ameneyo ndi umboni wakuti Elias anali chigawenga chachikulu chimene chinasintha dzina. Akamwa mabotolo awiri ankamupatsa mfuti. Akamwa atatu ankamupatsa chombo.

Envulopu inafika Lachiwiri lina m'mwezi wa Ogasiti, kunja kuli chisanu. Wilo ya Elias inapezeka itasokonekera m'bokosi la dzina lina. A Wilf anaitsegulira pakauntala panga mwachimwemwe. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, kenako anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Anapha anthu angati?" ndinafunsa.

Anangondipatsa pepalalo. Elias anasiyira mkazi wake bedi, mwana wamkazi Baibulo, ndipo mwana wamwamuna anamusiyira "chikwapu changa, chimene ndatumikira nacho boma mokhulupirika zaka khumi ndi zinayi." Munthuyo sanabwere ndi unyolo. Anakwera chombo yekha, n'kudzafunsira ntchito yoyang'anira akaidi omanga msewu wathuwu.

"Noeline, usauze munthu."

"Pakamwa panga ndatseka, a Wilf."

Masabata atatu otsatira tauni inadabwa. A Wilf ankadutsa pamsewu osayang'ana mphuno ya munthu. Anagula soseji kwa Col n'kungothokoza basi. Col anaimbira foni a Merle kufunsa ngati ndi khansa. Koma a Wilf ankakwera basi m'mawa uliwonse kupita ku Hobart, kumene amasunga mabuku a zilango, ndipo ankabwerako atawerama ngati anyamula thumba la mbatata.

Tsiku la msonkhano wa gulu la mbiri yakale la m'tauni yathu, holo inadzaza kuposa kale lonse. Chifukwa chake sindikuchidziwa. A Wilf anaimirira atavala suti yawo ya kumaliro.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwerenga za makolo anu pagulu," anatero. "Lero ndiwerenga za wanga."

Anawerenga wilo yonse. Kenako anatenga pepala lina, n'kuyamba kutchula maina. Patrick Brannock, zikwapu makumi awiri ndi zisanu chifukwa choyankha mwamwano. Josiah Lovatt, makumi asanu chifukwa chogona pantchito. Kholo langa linatchulidwanso, makumi atatu, chifukwa chobisa fodya m'kamwa. Maina anakwana makumi anayi ndi awiri, ndipo sanalumphe ngakhale limodzi. Mawu awo anasasa chakumapeto. Aka kanali koyamba kuti ndiganize za misana ya anthu amenewa, chifukwa tonse tinazolowera kuwatenga ngati zokongoletsera pabotolo la jamu. Atamaliza anapinda pepala n'kuima, mutu uli pansi, kudikira.

Kenako mpando wa Col unalira.

"Ndiye kuti, Wilf," anatero Col, "banja lako lakhala likutikwapula zaka 150. Wangosintha chida."

Woyamba kuseka anali a Merle. Holo yonse inatsatira, ena mpaka kupukuta misozi, ndipo sindikhulupirira kuti misozi yonseyo inali ya chiseko. Mayi Lovatt anayandikira ndi kabuku kawo.

"Mwati makumi asanu, a Dunkerley? A Brannock makumi awiri ndi asanu okha?"

"Choncho, mayi."

"Ndimadziwa," anatero akulemba. "Ifeyo nthawi zonse timakhala patsogolo."

A Merle anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Kuyambira pamenepo makalata a kunja anachepa mpaka analekeka. A Wilf ankabwerabe ku positi ofesi, koma ankangogula sitampa imodzi n'kumafunsa mafunso a amoyo. Dzina lako lapakati amalemba bwanji? Mwana wa Col wachiwiri uja anabadwa liti? Tinkati ndi ukalamba. Anawapeza atamwalira m'mawa wina pampando wa pakhonde, bulangete lili m'miyendo, ali ndi zaka 87.

Ana analibe. Nyumba anasiyira gulu la mbiri yakale. Koma loya wawo anapachika chidziwitso chakuti wilo idzawerengedwa m'holo, ndipo aliyense abwere ndi chakudya chamasana.

Inali ya masamba 96. Munali dzina la munthu aliyense wa m'tauni, 412 tonse pamodzi, dzina lonse, tsiku lobadwa, makolo ndi ntchito. Aliyense anamusiyira kanthu. Wina supuni, wina batani, wina chitsekerero cha poto chopanda poto. Dokotala wa mano analandira foloko imene a Wilf anaiba kuhotela, "kuti m'nyumba mwake mukhaleko chinthu chakuba." Changa chinati: "Kwa Noeline Ruth Haddrick, amene anasunga chinsinsi changa masiku awiri athunthu, ndikusiya mpeni wotsegulira makalata." Anthu anaseka mopitirira muyeso. Anali masiku atatu.

Patsamba lomaliza anafotokoza chifukwa. Analemba kuti m'zaka zonse zofufuza, chimene chinkawapweteka si akuba kapena zikwapu, koma anthu amene sanawapeze. Wolemera amasiya wilo, wakuba amasiya mlandu, koma munthu wosauka wosalakwa amangodutsa ngati sanakhaleko. "Wilo khoti siliitaya. Amene adzakufuneni zaka zana zikubwerazi adzakupezani muno."

Mmodzi mwa 412 aja anali Snowy, mkulu wina amene ankakhala yekha m'kalavani yakale m'mphepete mwa mtsinje, n'kumathyola maapozi nyengo yake ikafika. Anakulira kunyumba ya ana amasiye imene mabuku ake anapsa, ndipo sankadziwa ngakhale chaka chimene anabadwa. Tinamvera m'wilomo kuti a Wilf anamufufuzira mwakachetechete zaka khumi ndi ziwiri osapeza kanthu. Anamusiyira jekete laubweya. Msonkhano utatha Snowy anandipempha kuti ndimuonetse pamene panali dzina lake. Kuwerenga sankatha, koma anaika chala pamzerepo n'kukhala choncho mpaka loya anayamba kutsokomola.

Snowy tinamuika chaka chatha. Tinalipo anthu khumi ndi anayi, mphepo ikuomba kuchokera kuphiri. Abusa, amene ndi achilendo kuno, anafunsa kuti ndani anene mbiri ya malemu. Tonse tinacheuka nthawi imodzi kuyang'ana kumbuyo, ngati kuti wina wachedwa ndipo akubwera ndi mapepala kukhwapa. Kunali mitengo yokha. Col anayang'ana nsapato zake. Mayi Lovatt, ali panjinga ya olumala, anandigunda ndi ndodo.

Ndinatulutsa tsamba 71 m'chikwama n'kuwerenga mizere itatu imene inalipo.

"Kwa munthu wotchedwa Snowy, makolo osadziwika, zaka zosadziwika, wothyola maapozi. Sindinapeze kumene anachokera, ndipo ndapepesa. Koma ndikuchitira umboni kuti anakhala pakati pathu, ndipo anali mnzanga."

Abusa anadikira kuti ndipitirize. Ndinawauza kuti ndi zokhazo.